Momwe Amereka Adapezera Ufulu Wodzilamulira

Dziko la Amereka, lomwe lero ndi lamphamvu kwambiri, kale lidali pansi pa ulamuliro wa Britain monga lidalili dziko lathu lino. Nthawiyo lidali zigawo 13 za m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic. Kodi zidatani kuti anthu a m'zigawozi, ambiri mwa iwo ochokera ku Britain komweko, aukire mfumu yawo?

Gwero la mkangano lidali msonkho. Nkhondo ya zaka zisanu ndi ziwiri itatha mu 1763, Britain adagonjetsa France koma adatsala ndi ngongole yaikulu. Pofuna kuibweza, mu 1765 Nyumba ya Malamulo ya ku London idaika msonkho pa nyuzipepala ndi zikalata za m'zigawozo. Anthu adakana. Mfundo yawo idali yakuti nyumbayo ilibe mphamvu yowalipiritsa msonkho chifukwa mudalibe phungu ngakhale mmodzi wosankhidwa ndi iwo. Lamulolo lidathetsedwa mu 1766, koma padabweranso misonkho ina, kuphatikizapo wa masamba a tiyi.

Mu 1770 asilikali a Britain adapha anthu asanu ku Boston. Pa 16 Disembala 1773, anthu a mumzindawo adakwera sitima zomwe zidali padoko ndi kutayira m'nyanja mabokosi 342 a tiyi. Britain adabwezera potseka dokolo, koma chilangochi chidangogwirizanitsa zigawozo. Nkhondo idabuka pa 19 Epulo 1775 ku Lexington ndi Concord, ndipo George Washington adasankhidwa kutsogolera asilikali. Pa 4 Julaye 1776, nthumwi za zigawozo zidavomereza ku Philadelphia chikalata cholengeza ufulu, chomwe adachilemba makamaka Thomas Jefferson.

Kulengeza ufulu n'kwina, kuupeza n'kwinanso. Asilikali a Washington adali osauka, ena opanda nsapato, ndipo adagonja kangapo. Komanso anthu ena a m'zigawozo adakhalabe kumbali ya mfumu George III. Zinthu zidatembenuka mu Okutobala 1777 pamene gulu lankhondo la Britain lidagonja ku Saratoga. Ataona izi, France adalowa nkhondoyo mu 1778 kumbali ya Amereka, nabweretsa ndalama, asilikali ndi sitima zankhondo. Spain adatsatira mu 1779. Mutu umodzi susenza denga: mu 1781, sitima za France zidatseka njira ya panyanja pomwe asilikali a Washington ndi a France adazinga Yorktown, mpaka mkulu wankhondo Cornwallis adagonja pa 19 Okutobala. Pangano la ku Paris la 1783 ndilo lidatsimikiza ufulu wa Amereka.

Komabe ufuluwo sudafikire aliyense. Chikalata chija chidati anthu onse adalengedwa ofanana, pomwe Jefferson ndi Washington eniakewo adali ndi akapolo ochokera ku mtundu wa anthu a muno mu Africa. Ukapolo udatha mu 1865, patapita zaka 89. Nawo eni nthaka oyambirira adapitiriza kulandidwa malo awo.

Choncho ophunzira, mukafunsidwa za nkhondoyi, musangoloweza zaka. Fotokozani chomwe chidayambitsa mkangano, omwe adathandiza kuti ufulu upezeke, ndiponso omwe adasiyidwa kunja.