Injini ikamazima pafupi ndi gombe, musathamangire kasikuluwu



Mwezi wa Juni, mwera uli pachimake, mwana wa mchemwali wanga ankabwerera ku usipa m'mawa ife titangotuluka Swala ya Fajr. Atayandikira gombe anachepetsa moto kuti alowe bwino pakati pa miyala, injini n'kuzima. Anakoka chingwe kanayi, osalira. Funde linatembenuza boti cham'mbali, ndipo chinawapulumutsa ndi nkhafi ziwiri zimene mlovi wina wachikulire anakana kuzisiya kumtunda. Alhamdulillah, onse anatsika amoyo.

Nditamufunsa, anavomera kuti injiniyo inayamba kale kuzima akaichepetsa moto, ndipo iye ankangopotokola kasikuluwu ka pa kabureta kuti izilira mokweza. Ambiri timatero. Koma kasikuluwu kaja sikachiza matenda, kamangowabisa.

Injini ikamalira yokha osaiponda moto, amakaniko amati ili pa idling. Pamenepo imamwa petulo kudzera pa kabowo kakang'ono kwambiri mu kabureta, kochepa ngati kuboola kwa singano. Kachitsotso kamodzi kochokera m'chigubu, kapena dontho la madzi, kabowoko katsekeka. Pa liwiro injini imakoka bwinobwino chifukwa ikumwera pa bowo lalikulu, n'chifukwa chake pakati pa nyanja simuona vuto. Limakupezani pofika, pamene pali miyala, maboti a anzanu, amayi akuchapa ndi ana akusambira.

Tsono musanagwire kasikuluwu, yambani ndi zapafupi. Onani ngati kapweya ka pa chivindikiro cha thanki n'kotsegula. Finyani kampira ka pa paipi ya petulo mumve ngati kakulimba. Masulani pulagi: ikakhala yakuda ndi yonyowa, mwina mwachulutsa oyilo posakaniza. Injini zambiri za mtundu wa Yamaha Enduro zimafuna lita imodzi ya oyilo pa malita 50 a petulo, osati kuthira mongoyerekeza ndi maso monga ndimaonera anyamata akuchitira pa doko mdima uli bii. Zonsezi zikakhala bwino, kabureta itsukidwe ndi munthu woidziwa.

Kukweza idling kuli ndi mtengo wake. Mukalowetsa giya injini ikulira mokweza, mumamva kuti gu! Amenewo ndi mano a m'giyabokosi akumenyana, ndipo tsiku lina adzatha, giya n'kumadumpha yokha. Boti nalo limatsomphoka mwadzidzidzi, woimirira kutsogolo n'kugwera m'madzi. Za petulo wopsa pachabe usiku wonse mukudikira asiginala ndi nyali zawo sindinena, mwini thumba amadziwa.

Ikafikadi nthawi yoikonza, injini ikhale m'madzi ndipo iyambe yatentha. Pamtunda imalira mopepuka n'kukunamizani, komanso kampira kopopa madzi oziziritsa kamapsa msangamsanga kakazungulira pouma. Pomaliza muiyese ili m'giya.

Eni magalimoto onyamula chimanga ndi usipa wouma, nkhaniyi ndi yanunso. Galimoto ya petulo ikatentha, muvi wa pa wotchi ya injini umakhala cha pa 700 kapena 800. M'mawa kukazizira umakwera pang'ono kenako n'kutsika, palibe cholakwika. Koma ukamangokwera n'kutsika wokha, kapena galimoto ikamazima pa mphambano, funani kapaipi ka mphepo kong'ambika, sefa yotsekeka ndi fumbi la m'misewu yathuyi, kapena mapulagi otopa. Magalimoto ambiri atsopanowa alibe n'komwe kasikuluwu koti mupotokole, idling imayendetsedwa ndi kompyuta, ndiye amene akufuna kumasula apa ndi apo mumufunse kaye chimene wapeza.

Ya mphwangayo ataitsegula anapeza madzi ndi timchenga pansi pa kabureta. Chigubu chake chinalibe chotsekera, ankangotseka ndi chitsononkho ndi pepala la pulasitiki. Lachisanu lapitali titatuluka Jumu'ah ndinamuona akusefa petulo pa kansalu koyera asanathire mu thanki, nkhafi zija zili m'boti.