Ana adajomba kusukulu pothawa Obama

Pa 8 September 2009, makolo ena ku America adaletsa ana awo kupita kusukulu. Sikudagwe maliro kapena mliri ayi. Tsikulo Pulezidenti Barack Obama amalankhula kwa ophunzira m'dziko lonselo pa kanema, ali pasukulu ya Wakefield ku Virginia.

Jim Greer, mkulu wa chipani chotsutsa cha Republican ku Florida, adati Obama akufuna kudzala ndale zake m'mitu mwa ana. Koma uthengawo utatuluka, adali malangizo omwe kholo lililonse limapereka: limbikirani sukulu, osalekera panjira. Greer yemweyo adauvomereza.

Chikhalirecho mu 1991, George H. W. Bush wa Republican atalankhulanso kwa ana asukulu, odandaula adali a Democrat, ati akuchitira kampeni ndalama zamisonkho.