Tizilombo Topuma Dzimbiri

Tonsefe tikudziwa kuti katondo wa kumtunda ndi wofiira, pamene dongo la pansi pa dambo ndi lotuwa. Kodi kufiirako kumapita kuti? Amachotsa ndi mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso.

Katondo amafiira chifukwa cha dzimbiri, ndiko kuti chitsulo chogwirana ndi mpweya wa okosijeni. Tsono chamoyo chikamatulutsa mphamvu m'chakudya, pamatsala tinthu ta magetsi totchedwa maelekitironi, toyenera kutulidwa penapake. Anthufe timatula pa okosijeni amene timapuma. Koma m'matope omira m'madzi okosijeni amatha msanga, choncho mabakiteriya ena amatula maelekitironi awo pa dzimbiri.

M'chaka cha 1987 Derek Lovley anapeza mtundu wina wotere m'matope a mtsinje wa Potomac ku America, umene lero umatchedwa Geobacter. Mu 1988 Charles Myers ndi Kenneth Nealson anafotokoza za winanso wa m'nyanja ya Oneida, m'dziko lomwelo, umene tsopano umatchedwa Shewanella.

Komatu dzimbiri ndi lolimba, silingalowe m'thupi mwa kachilombo monga umalowera mpweya. Nanga maelekitironiwo amalifikira bwanji? Njira zodziwika zilipo zitatu. Yoyamba, pakhungu pa kachilomboko pali mapuloteni okhala ndi chitsulo, amene amapatsirana elekitironi monga anthu opatsirana njerwa pa mzere, kufikira itafika pa dzimbiri. Yachiwiri, Geobacter amamera timaulusi topyapyala todutsamo magetsi, tofika pa dzimbiri lotalikirako. Yachitatu, Shewanella amatulutsa mankhwala otchedwa flavin, amene ali ngati mthenga: amanyamula elekitironi, nakaitula, nabwerera kudzatenga ina.

Chitsulo chikalandira elekitironi chimasungunuka m'madzi, ndipo dothi limatsala lotuwa. Ndicho chifukwa chake madzi a m'mijigo ina amatuluka oyera, koma akakhalitsa m'ndowa amafiira: chitsulo chija chakumananso ndi mpweya, chabwerera ku dzimbiri.

Nkhaniyi siyongosangalatsa ana a sukulu chabe. Ku Bangladesh dzimbiri la pansi pa nthaka linkasunga poizoni wotchedwa arsenic. Dzimbirilo likasungunuka, poizoniyo amalowa m'madzi a m'zitsime, ndipo anthu mamiliyoni ambiri anamwa madziwo kwa zaka asanadziwe. Madzi ofiira timawaona ndi maso, koma arsenic alibe mtundu ngakhale fungo. Choncho makolo, mjigo watsopano ukakumbidwa m'mudzi mwathu, tiyeni tifunse ngati madzi ake anayezedwa tisanayambe kumwetsa ana athu.