Makina omvetsera n'kulemba: kodi angapepuze ntchito ku Malamulo?

Wakabaza akagwa ndi njinga yamoto m'minda ya tiyi ku Makwasa, anthu n'kuthamangira naye ku chipatala cha Malamulo magazi ali chuchuchu, palibe amene amayamba wafuna cholembera. Namwino akuyeza BP, wina akuika diripi, dokotala ali pabala. Kulemba kumabwera pambuyo, mwina pakati pa usiku, munthu atatheratu. Komatu zolembazo ndi zimene amadalira wolandira ntchito m'mawa, kapena madokotala a ku Queens ku Blantyre wodwalayo akatumizidwa kumeneko. Ola limene anabayidwa mankhwala opha ululu likapanda kulembedwa, wina angathe kumubayanso nthawi isanakwane.

Apa ndi pamene mapulogalamu a AI akuloweramo. Kuyambira 2023, madokotala a m'zipatala za Kaiser Permanente ku California akhala akutchera foni kuti izimvetsera akamacheza ndi wodwala, mwini wake akavomera. Pulogalamuyo imasandutsa mawu kukhala malemba, kenaka n'kusanja chimene chamubweretsa, zimene zapezeka pomupima ndi mankhwala amene apatsidwe. Dokotala amawerenga, kukonza, n'kuvomereza.

Kwathu kuno vuto loyamba ndi chiyankhulo. Whisper, pulogalamu yomvetsera imene kampani ya OpenAI inatulutsa mu 2022, imadziwa ziyankhulo pafupifupi 100. Chiswahili ndi Chishona zilimo, Chichewa mulibe, nanji Chilomwe cha agogo a ku Thyolo. Ndiponso odwala athu kawirikawiri safotokoza okha. Amene amayankhula ndi gadiyani, mlamu n'kumutsutsa, amene anamunyamula naye n'kuwonjezera zake, uku mwana akulira pabedi lina. Dokotala amadziwa woti amumvere. Foni imangotola zonse.

Choopsa kuposa apo ndi kupeka. Mu 2024 atolankhani a Associated Press anaulula kuti Whisper nthawi zina imalemba ziganizo zimene palibe anazinena, ngakhale mayina a mankhwala. Cholakwa cha makina chimabwera m'Chingerezi chosalala bwino, ndipo munthu wotopa savuta kuchivomereza asanawerenge.

Sikuti makompyuta ndi achilendo m'zipatala zathu. Ntchito imene inabala bungwe la Baobab Health inayamba mu 2001 ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ndi makompyuta ongogunda ndi chala, ndipo anafalikira m'malo olandirira ma ARV. Anazika mizu chifukwa sankafuna zambiri kwa namwino wotanganidwa.

Ine ndikuona kuti poyambira pabwino si kutchera foni pakati pa chipwirikiti. M'buku la kuchipatala amalembamo kale Chingerezi. Wodwala akapezako bwino, dokotala angathe kuima pambali mphindi ziwiri, n'kuuza foniyo zimene wapeza ndi zimene wachita, n'kuwerenga asanasaine. Zikatero patsala nkhani ya magetsi ndi netiweki, komanso ya chinsinsi: lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024 lilipo, ndipo chipatala chiyenera kudziwa kumene mawu a wodwala wa ku Makwasa akukasungidwa, ndi amene angawamve.