Mbava ya m'gemu: tiiletse liti?

Ku Mzimba nkovuta kupeza banja lopanda m'bale ku Joni. N'chifukwa chake gulu lathu limasewera Dungeons & Dragons pa WhatsApp: ine pa Boma, wina ku Jenda, wina ku Embangweni, wina ku Johannesburg.

Gemuyi anaiyambitsa Gary Gygax ndi Dave Arneson ku America mu 1974. Aliyense amasewera ngati munthu wongopeka, kaya msilikali, wamatsenga kapena wansembe, pomwe wotsogolera, Dungeon Master, amasimba nkhani ndi kuweruza. Mbava inalowamo mu 1975, ndipo lero amaitcha Rogue. Kuba tsono ndi gawo la gemu. Funso ndi lakuti wotsogolera alowerere pati.

Akabera anthu a m'nkhani, musiyeni

Mbava ikafuna kupisa m'thumba la wamalonda amene mwapeka inu, musaikanize. Iponye dayisi ya mbali 20, muwonjezere luso lake, muyerekeze ndi tcheru cha wamalondayo. Ikapambana, ndi zake. Ikalephera, alonda aithamangitse, mlandu ukafike kwa mfumu, msika wonse uidziwe nkhope.

Nthano zathu zimayenda chomwecho. Kalulu anakana kukumba nawo chitsime, n'kumaba madzi, ndipo wosimba samuletsa. Amangomutumizira Fulu.

Akabera anzake, imitsani gemu

Apa ndiye pamavuta. Tsiku lina mbava yathu inanditumizira uthenga kumbali kuti yabisa golide amene gulu lonse linavutikira. Zitaululika, mnzathu wa ku Joni, amene amalowa gemu atangoweruka kuntchito, anangoti zii sabata ziwiri. Golideyo ngwabodza, inde, koma bandulo imene anagula ndi yeniyeni, nthawi yake ndi yeniyeni, mkwiyonso weniweni.

Ine ndimayang'ana zinthu zitatu. Kodi woberedwayo akuseka nawo? Kodi kubako kukukometsa nkhani ya onse, kapena kukulemeretsa mmodzi? Kodi ena ayamba kubisirana zinthu m'malo molimbana ndi chinjoka? Kuseka kukatha, nthawi yolowerera yakwana.

Wakubayo adzakuuzani kuti, "Amwene, munthu wangayu ndi mbava, ndiye khalidwe lake." Muyankheni mofatsa kuti amene anasankha khalidwelo ndi iyeyo, ndipo akhoza kulisintha.

Lowererani bwanji?

Musamulange m'nkhani pomugwetsera mwala kapena kumutumizira chilombo. Akatero amaona ngati mukumuda, mkangano n'kukula. Muimbireni foni panokha, osati pagulu, mumuuze mmene anzake akumvera.

Koma chabwino koposa n'kugwirizana musanayambe nkhani yatsopano. Ife lamulo lathu ndi lalifupi: kubera mnzako kumatheka pokhapokha mwiniwake wavomera kuti zikhale m'nkhani. Chuma chonse timalemba pa uthenga umodzi umene aliyense amauona, ngati buku la banki m'khonde.

Mbava yabwino imatsegula maloko, imazindikira misampha, imabera mfumu yankhanza n'kugawira gulu. Imeneyo isungeni. Koma ikayamba kuthawitsa anzanu pa WhatsApp, musadikire gemu yotsatira. Lankhulani lero lomwe.