Wogula Wosaona Katundu Amadalira Yankho

Pamsika wa ku Limbe kapena wa ku Lilongwe, munthu wofuna wailesi amaigwira, kuitembenuza, ndi kupempha kuti aiyatse amve kulira kwake. Wogula pa intaneti alibe mwayi umenewo. Chimene ali nacho ndi chithunzi, mtengo, ndi mawu a wogulitsa amene sanamuonepo nkhope. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Tsono wogula wotere amafunsa, ndipo nthawi zina funso lake limabwera ndi mfundo zingapo zolukanalukana.

Mwachitsanzo, mphunzitsi wa kumudzi kumene sikunafike magetsi a ESCOM angathe kulembera wogulitsa zipangizo za sola pa WhatsApp, kufunsa ngati batire limene waliona pachithunzi lingayendetse firiji usiku wonse. Wogulitsa waphuma, amene mtima wake uli kale pa ndalama zolowa pa Airtel Money kapena pa Mpamba, amangoti inde. Wodziwa ntchito yake amayamba wafunsanso: kodi firijiyo imadya mawati angati, monga zalembedwa pa kachikwangwani kakumbuyo kwake? Nanga pali zina zoti ziyake, ndipo kwa maola angati?

Mafunso amenewa si mwano ayi, pakuti yankho loona lagona pa masamu. Batire la mavoti 12 lolembedwa 100Ah limasunga mphamvu yokwana mawati 1,200 kwa ola limodzi. Koma batire la mtovu ndi asidi limafa msanga likamakhuthulidwa kupyola theka, kotero mphamvu yodalirika ndi 600 chabe. Wailesi yakanema yodya mawati 60 ingathe kuyaka maola pafupifupi 10 ndi mphamvu imeneyi. Firiji ndi nkhani ina, chifukwa injini yake ikamadzuka imakoka mphamvu yochuluka kangapo kuposa imene imadya ikamayenda, ndipo inveta yaing'ono imangozima. Wogulitsa amene afotokoza zonsezi m'mawu osavuta angataye malonda a tsikulo. Koma wovomera mwachisawawa uja adzalandira batire lakufa pakapita miyezi yochepa, pamodzi ndi mbiri yoipa m'magulu onse a WhatsApp a aphunzitsi a m'deralo.

Ku America kuli kampani yogulitsa nsapato pa intaneti yotchedwa Zappos, imene idayamba mu 1999 ndipo idagulidwa ndi Amazon mu 2009. Nsapato ndi katundu wovuta kugulitsa kwa munthu amene sanaiyese kuphazi. Mtsogoleri wake wa nthawi imeneyo, Tony Hsieh, adalamula kuti antchito oyankha mafoni asamawerenge mayankho olembedwa kale, ndiponso asawerengeredwe nthawi yocheza ndi wogula. Nsapato yofunidwa ikakhala kuti yatha, wantchito ankafufuza kwa makampani opikisana nawo ndi kumulozera wogulayo kumeneko. Mu 2016 wantchito wina adacheza ndi wogula mmodzi kwa maola 10 ndi mphindi 43. Kumeneko kudali kupyola muyeso, ndipo mayi wogulitsa zitenje payekha sangakwanitse. Komabe zikuonetsa kuti kampaniyo inkaona kuyankha monga ntchito yeniyeni, osati chododometsa.

Masiku ano makampani ambiri apereka ntchito imeneyi kwa makina a kompyuta ocheza ndi anthu, poti satopa ndipo salandira malipiro. Zimene zidagwera Air Canada ndi zoyenera kuzidziwa aliyense wofuna kutero. Mu November 2022, bambo wina amene agogo ake adamwalira adafuna kuuluka kuchokera ku Vancouver kupita ku Toronto. Adafunsa makina ocheza a pa tsamba la kampaniyo za mtengo wotsika umene umaperekedwa kwa oferedwa. Makinawo adamuuza kuti angathe kugula tikiti pa mtengo wonse, kenaka nkupempha kubwezeredwa gawo lina pasanathe masiku 90. Adagula. Atapempha, kampani idakana, ponena kuti lamulo lake sililola pempho lotere ulendo ukachitika kale, ndipo lamulolo lidalembedwa pa tsamba lina.

Nkhani idafika ku bwalo la milandu ing'onoing'ono la Civil Resolution Tribunal ku British Columbia. Kumeneko Air Canada idayesa kudzichotsa pa mlandu, ngati kuti makinawo ndi munthu payekha woyenera kusenza mawu ake. Bwalo silidamve zimenezo. Mu February 2024 lidagamula kuti zonse zolembedwa pa tsamba la kampani, kaya ndi munthu kaya ndi makina, ndi mawu a kampaniyo, ndipo wogula alibe chifukwa chokayikira mbali imodzi ya tsamba nkukhulupirira ina. Lidalamula Air Canada kulipira bamboyo madola 812.02 a ku Canada.