Kupeza Yankho la Samu Poyambira Kumapeto

Ana ambiri amene amakhoza bwino masamu a manambala okhaokha amalephera akapatsidwa samu yolembedwa m'nkhani. Kawirikawiri vuto silikhala kusadziwa kuwonkhetsa kapena kuchotsera ayi. Mwana amangosaka liwu limodzi lomuuza chochita. Akaona liwu lakuti "anatsala" amachotsera, akaona "onse pamodzi" amawonkhetsa, nkhaniyo asanaimvetse. Chizolowezi chimenechi chimamgwetsa makamaka pa masamu amene amatiuza zotsala kumapeto n'kutifunsa zimene zinalipo poyamba.

Tiyeni tione samu iyi. Mayi wina anapita kumsika ndi dengu la mazira. M'mawa anagulitsa theka la mazirawo, masana anagulitsa 8, ndipo 2 anasweka. Anabwerera kunyumba ndi mazira 5. Kodi ananyamuka ndi mazira angati?

Pano sitingayambire kumayambiriro a nkhani, pakuti nambala yoyambayo ndiyo tikuifuna. Chimene tikudziwa bwino ndi cha kumapeto, mazira 5. Tsono tiyambire pamenepo, tizibweza chochitika chilichonse. Mazira 2 asanasweke analipo 5 + 2 = 7. Asanagulitse 8 aja analipo 7 + 8 = 15. Mazira 15 amenewa ndiwo theka limene linatsala m'mawa, choncho poyamba analipo 15 × 2 = 30.

Pali mfundo ziwiri zoti ana azigwire. Yoyamba ndi yakuti chochitika chilichonse chili ndi chinzake chochibweza: kuwonkhetsa kumabweza kuchotsera, kuchulukitsa kumabweza kugawa. Yachiwiri, imene ana amaiphonya kwambiri, ndi ya ndondomeko: chimene chinachitika pomaliza ndicho timayamba kuchibweza. Mwana amene popita kusukulu amawoloka mtsinje kenaka n'kudutsa pachigayo amadziwa kuti pobwerera ayamba wafika pachigayo asanafike kumtsinje. Tiwakumbutse za ulendo wotere tisanalembe nambala iliyonse pabolodi.

Mwana wosasamala ndondomeko amayamba ndi theka chifukwa ndilo latchulidwa poyamba. Amalemba 5 × 2 = 10, kenaka 10 + 8 + 2 = 20. Tisafulumire kumuuza kuti walakwa. Timpemphe kuti ayendetse yankho lakelo m'nkhani kuchokera poyamba: theka la 20 ndi 10, kuchotsapo 8 kutsala 2, kuchotsaponso 2 kutsala 0. Adzaona yekha kuti mayiyo akubwerera ndi dengu lopanda kanthu, pamene nkhani yati anatsala ndi mazira 5. Akayesa 30 apeza 15, kenaka 7, kenaka 5. Mwana wozolowera kuyesa yankho motere sadikiranso cholembera chofiira cha mphunzitsi kuti adziwe ngati wakhoza.

Njira imeneyi si ya lero. Katswiri wa ku India, Aryabhata, anailongosola m'buku lake la m'chaka cha 499, ndipo Bhaskara anaiphunzitsanso m'buku la Lilavati cha m'ma 1150. George Pólya, m'buku lake la How to Solve It la mu 1945, anaiika pakati pa njira zothandiza wophunzira amene wasowa poyambira. Iye anagawa ntchito yonse m'magawo anayi: kumvetsa funso, kukonza njira, kuitsata, ndi kuyang'ananso yankho. Gawo lomalizali ndilo timalisiya msanga nthawi ikatithera, chonsecho ndilo limamanga luntha la mwana.

M'kalasi tiyambe ndi zinthu zogwirika. Gulu lililonse likhale ndi miyala, nyemba kapena zitsekerero za mabotolo. Ana aike 5 pansi, abwezerepo 2 osweka, abwezerepo 8 ogulitsidwa, kenaka aike mulu wina wofanana ndi umenewo. Pambuyo pake tilembe mizere iwiri pabolodi: wapamwamba ukhale wa nkhani monga inachitikira, wapansi ukhale wa ulendo wobwerera. Masewera a "ndaganiza nambala" amathandizanso. Mphunzitsi anene kuti, "Ndaganiza nambala, ndaichulukitsa ndi 3, ndawonjezerapo 4, ndapeza 19." Ana akapeza 5, nawonso apeke zawo ndi kufunsana awiriawiri. Masamu oyamba akhale a zochitika ziwiri zokha, ndipo zitatu kapena zinayi zibwere ana atakhazikika, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tichenjere kuti njirayi isasanduke chizolowezi china chongoloweza. Imagwira ntchito pamene mapeto adziwika koma chiyambi chabisika. Choncho pa ntchito yolemba m'makope tisakanize masamu oyambira kumapeto ndi ena oyambira kumayambiriro, ndipo mwana asanagwire pensulo timfunse mafunso awiri: "Kodi ukudziwa chiyani? Nanga chikufunidwa n'chiyani?" Akayankha bwino mafunso amenewa, adzasankha yekha koyambira.